Makina Oumitsira Zovala Akuzungulira Koma Sakutentha: Mmene Mungapezere Chavuta

Vutoli limakonda kuonekera m'dzinja, mvula itagwa masiku atatu osalekeza ndipo pachingwe palibe chimene chikuuma, kapena m'miyezi ya chiperoni pamene dzuwa limasowa ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje. Mumaika zovala m'makina, nyale zikuyaka, mgolo ukuzungulira bwinobwino, koma mukatsegula chitseko patatha ola lathunthu mumazipeza zili zonyowa ndiponso zozizira monga munaziikira. Anthu ambiri akaona zimenezi amafulumira kunena kuti elementi, waya umene umatenthetsa mpweya, yapsa, ndipo ena amakagula yatsopano asanatsegule n'komwe makinawo. Elementi imapsadi, koma kawirikawiri chimene chimakhala chitadula kutentha ndi kachipangizo kakang'ono koteteza makina ku moto, ndipo kachipangizoko sikadula popanda chifukwa: kamadula mpweya wotentha ukasowa potulukira. N'chifukwa chake malangizowa akuyambira kunja kwa makina, pa zinthu zosafuna ndalama, ndipo sikuludiraiva ikugwiridwa pambuyo pake.

Dziwani kaye mtundu wa makina anu

Makina onse oumitsira zovala amagwira ntchito mofanana pa mfundo imodzi. Mota imazunguza mgolo kudzera pa lamba, ndipo mota yomweyo kawirikawiri imazunguzanso fani imene imayendetsa mpweya. Mpweyawo umatenthedwa, umadutsa m'zovala n'kutenga chinyezi, kenako umadutsa pa sefa imene imagwira ubweya wothothoka ku nsalu. Kusiyana kumabwera pa kumene mpweya wachinyeziwo umapita. Makina ena amautulutsira kunja kudzera m'paipi yaikulu yofewa, ya mamilimita pafupifupi 100 m'mimba mwake. Ena, otchedwa condenser, alibe paipi yotero, koma amauziziritsa m'kati momwemo n'kusandutsa chinyezi kukhala madzi amene amagwera m'kathanki kotulutsa ndi manja. Mitundu iwiriyi ili ndi elementi, yomwe ndi waya wopotanapotana amene amafiira magetsi akamadutsamo, monga zimachitikira m'mbaula yamagetsi yowothera. Mtundu wachitatu, wa heat pump, umatenthetsa mpweya ndi kompuresa ngati ya mufiriji, ndipo nkhani yake ndi ina. Tiikhudza payokha kutsogoloku.

Mtundu wa makina umalembedwa kutsogolo kwake kapena pa kachikwangwani kamene kamamatidwa m'mphepete mwa chitseko kapena kumbuyo. Pa kachikwangwani komweko pamalembedwa nambala ya mtundu wa makinawo ndi mawati amene amadya. Jambulani kachikwangwaniko ndi foni pompano, chifukwa mudzakafuna kawiri: poyeza elementi ndi pogula chipangizo chatsopano.

Tsimikizirani kuti kutentha kulibedi

Musanadandaule, yang'anani pamene chosankhira chaloza. Pafupifupi makina onse ali ndi pulogalamu youzira zovala mpweya wozizira wokha, ndipo ambiri ali ndi batani lochepetsera kutentha kwa nsalu zosalimba, lomwe mwana kapena wantchito wa pakhomo akhoza kulidina osadziwa. Kumbukiraninso kuti mphindi pafupifupi 10 zomalizira za pulogalamu iliyonse makina amazimitsa elementi mwadala kuti zovala ndi elementiyo zizizire, kotero munthu wogwira zovala pa nthawi imeneyo akhoza kuganiza kuti makina sanatenthe konse. Pa makina akale a chosankhira chozungulira, ngati mwaika mphindi 10 kapena 15 zokha, ndiye kuti mwalowa mwachindunji m'gawo loziziritsalo.

Kuti mutsimikize, tulutsani zovala zonse, sankhani pulogalamu ya nsalu zathonje pa kutentha kwakukulu, yatsani makina kwa mphindi zisanu, kenako tsegulani n'kugwira khoma la mgolo. Ngati likufunda pang'ono, ndiye kuti elementi ikugwira ntchito mbali ina, kapena mpweya ukuyenda movutikira, kapena magetsi afooka. Ngati ndi lozizira ngati mbale yosagwiritsidwa ntchito, ndiye kuti magetsi sakufika pa elementi kapena elementiyo yaduka.

Pali njira inanso imene ineyo ndimaikonda chifukwa sinama. Mita zambiri za magetsi olipiriratu zili ndi kanyale kofiira kamene kamaphethira mogwirizana ndi magetsi amene nyumba ikudya, ndipo pambali pake pamalembedwa nambala yonga 1000 imp/kWh, kutanthauza kuti kamaphethira ka 1000 pa yuniti imodzi. Zimitsani giza, cooker, ayironi ndi ketulo, kenako yatsani makinawo. Elementi ya mawati 2000 ikamagwira ntchito, kanyale ka mita yotero kamaphethira pafupifupi kamodzi pa masekondi awiri alionse. Mota yokha imadya pang'ono kwambiri poyerekeza ndi elementi, kotero ngati kanyaleko kakutenga masekondi khumi kapena kuposerapo kasanaphethirenso, dziwani kuti elementi sikulandira kanthu.

Magetsi a pakhoma

Apa sipofunika kuchedwa. Mapulagi a mano atatu amakona anayi, omwe timagwiritsa ntchito ku Malawi, Zambia ndi Britain, ali ndi fyuzi ya 13 A (ma ampere 13) m'kati mwake, koma fyuzi imeneyo ikapsa makina onse amafa, osati kutentha kokha. Ngati mgolo ukuzungulira, fyuzi ya m'pulagi ili bwino. Chofunika kuona ndi mmene pulagi ndi soketi zikuonekera. Makina a mawati 2500 amakoka pafupifupi 11 A pa mavolti 230, zomwe zili pafupi ndi malire a pulagi yotero, ndiye ngati mano ake ada, pulasitiki yasungunuka kapena pakumveka fungo la chinthu chopserera, sinthani pulagi ndi soketi yomwe. Musalumikize makinawa pa nthambo yowonjezera imene palinso firiji ndi makina ochapira.

Kufooka kwa magetsi kumanyenga ambiri. Kutentha kwa elementi kumatsika mofulumira kuposa mmene mavolti akutsikira: elementi imene imapereka mawati 2000 pa mavolti 230 imapereka pafupifupi 1365 okha mavolti akatsika kufika pa 190. Ngati makina amaumitsa bwino m'mawa koma madzulo, pamene dera lonse likuphika ndipo mababu akuwala mofooka, amangofunditsa zovala, palibe chimene chawonongeka m'kati mwake. N'chimodzimodzinso ngati mukuwayendetsa ndi jenereta yaing'ono.

Amene ali ku America ali ndi vuto lawolawo. Makina a kumeneko amalandira mavolti 240 kudzera pa mawaya awiri a mavolti 120, ndipo mota imagwiritsa ntchito waya mmodzi pamene elementi imafuna onse awiri. Mbali imodzi ya bureka, swichi yoteteza ya pa bokosi la magetsi a nyumba, ikagwa, mgolo umazungulira koma kutentha kulibe, ndipo mankhwala ake ndi kuzimitsiratu bureka yonseyo kenako n'kuiyatsanso.

Njira ya mpweya, pamene pali gwero la mavuto ambiri

Tsopano zulani pulagi, ndipo musaibwezerenso mpaka mutamaliza. Tulutsani sefa ya pakhomo la mgolo n'kuchotsa ubweya wonse. Musalekere pomwepo. Pitani nayo pampopi n'kuithira madzi pang'ono: ngati madziwo akudutsa mosavuta, sefa ili bwino, koma ngati akudikha pamwamba pake ngati ali m'mbale, ndiye kuti timabowo tatsekeka ndi zotsalira za sopo ndi mankhwala ofewetsera nsalu, zomwe sizioneka ndi maso. Itsukeni ndi madzi ofunda, sopo wotsukira mbale ndi mswachi wakale, ndipo muiumitse musanaibwezere. Unikani ndi tochi m'dzenje limene sefayo imakhalamo, chifukwa pansi pake pamaunjikana ubweya, makobiri, mabatani ndi timapepala ta m'matumba. Chotsani zonsezo ndi dzanja kapena ndi makina opopera fumbi ngati muli nawo.

Ngati makina anu ndi a paipi, ichotseni kumbuyo n'kuiyang'ana kuyambira kumakina mpaka kumene imatulukira. Paipi yofewayi imapindika mosavuta makina akakankhidwira kukhoma, ndipo ikalendewera pakati, madzi amadikha pamalo otsikawo n'kusanduka phala ndi ubweya. Kunja, pa bowo lotulukira, makoswe ndi mbalame zimamanga zisa, mavu nawo amamata dothi, ndipo kachitseko kamene kamayenera kutseguka ndi mphamvu ya mpweya kamakakamira. Paipi ikhale yaifupi ndiponso yowongoka mmene mungathere, chifukwa kupindika kulikonse kumafooketsa mpweya. Ndaonapo nyumba zina kumene paipi inalozetsedwa m'chidebe kapena kukutidwa ndi sokosi kuti ubweya usamwazike m'chipinda. Maganizo ake ndi abwino, koma sokosiyo ikadzaza imakhala ngati dzanja lotseka pakamwa pa munthu wothamanga.

Pa makina a condenser, tayani madzi a m'kathanki, ndipo onetsetsani kuti kalowa mpaka kumapeto, chifukwa makina ambiri amaima kapena kukana kutenthetsa akaona ngati kathanki kadzaza. Kenako tsegulani kachitseko ka m'munsi, tembenuzani tizitsekero take n'kusolola bokosi lalitali la malata opyapyala osanjikizana limene limaziziritsa mpweya. Litsukeni ndi madzi othamanga mpaka muziona kuwala kudutsa pakati pa malatawo, lisiyeni lidonthe, ndipo mulibwezere bwino kuti mphira wa m'mphepete agwire. Ntchito imeneyi imafunika pafupifupi mwezi uliwonse, koma pali anthu amene akhala ndi makina zaka zingapo osadziwa kuti kachitseko kameneko kamatseguka.

Ubweyawu si wosewera nawo, chifukwa umayaka ngati udzu wouma wa mu Okutobala. Mu Novembala 2015 kampani ya Whirlpool inalengeza ku Britain kuti makina ena a Hotpoint, Indesit ndi Creda opangidwa pakati pa Epulo 2004 ndi Sepitembala 2015 akhoza kuyaka moto ubweya ukaunjikana n'kukhudza elementi, ndipo mu 2019 inaitanitsa makina amene anali asanakonzedwe. Popeza katundu wambiri wogwiritsidwapo kale ntchito amafika kuno kuchokera ku Britain, aliyense amene ali ndi makina a mayina amenewa afufuze nambala ya mtundu wake pa tsamba la kampaniyo asanapitirize kuwagwiritsa ntchito.

Batani lobwezeretsa

Makina ena ali ndi kabatani, kawirikawiri kofiira, kumbuyo kwake pafupi ndi pamene pali elementi. Makina atazizira ndiponso pulagi itazulidwa, kadineni mwamphamvu. Mukamva kakulira kuti "thi", ndiye kuti choteteza chinali chitadula ndipo tsopano chalumikizanso. Yesaninso makina opanda zovala. Ngati atentha, musaganize kuti nkhani yatha. Dzifunseni chimene chinachititsa. Ngati munapeza sefa kapena paipi yotsekeka, yankho muli nalo. Ngati zonse zinali zoyera, kumbukirani ngati magetsi anathima makina ali pakati pa ntchito, kapena ngati wina anatsegula chitseko n'kutulutsa zovala pulogalamu isanathe. Fani ikaima mwadzidzidzi elementi ikadali yofiira, kutentha konse kumatsalira m'bokosi lake ndipo choteteza chimadula ngakhale makina alibe vuto lina lililonse. Kwa ife amene tinazolowera kuthimathima kwa magetsi, ichi ndi chifukwa chofala kuposa mmene mabuku a makinawa amasonyezera, popeza amalembedwera mayiko kumene magetsi sathima wamba. Makina ambiri, komabe, alibe batani lotere, ndipo choteteza chawo chikadula kamodzi chimafunika kusinthidwa.

Kutsegula makina ndi kuyeza

Gawo lino likufuna sikuludiraiva, pulayala, tochi ndi multimeter, chipangizo cha nthambo ziwiri choyezera magetsi. Katesita kaja kooneka ngati sikuludiraiva, koyaka nyale mukakhudza waya wamoto, sikangathandize pano, chifukwa tikuyeza zinthu magetsi atazimitsidwa. Ngati makina akadali pa chitsimikizo cha kumene munagula, musawatsegule, abwezeni kumeneko. Ngatinso simunagwirepo multimeter ndipo mtima ukukana, palibe manyazi kuitana mmisiri, ndipo zimene mwapeza kale zidzamufupikitsira ntchito.

Onaninso ndi maso anu kuti pulagi ili pansi, osati kungozimitsa swichi ya pakhoma. Dikirani makina azizire. Pa makina ambiri ogulitsidwa kum'mwera kwa Africa ndi ku Ulaya, elementi imakhala kumbuyo, pansi pa chivundikiro chachitsulo chotukuka chimene chimamangidwa ndi masikuluu angapo, ngakhale pa mitundu ina mumayenera kuchotsa chivundikiro cha pamwamba kapena cha kutsogolo. Ikani masikuluuwo m'kapu, samalani ndi m'mphepete mwa malata chifukwa ndi akuthwa, ndipo musanazule waya uliwonse jambulani zithunzi zingapo zoonetsa bwino mtundu wa waya ndi pamene walowa. Pafupi ndi mota pali kachitini kozungulira kotchedwa capacitor, komwe kamatha kusunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa. Musakhudze mano ake.

Yambani ndi maso ndi mphuno. Waya wopserera, pulasitiki yakuda pa cholumikizira, kapena cholumikizira chogwedera chimene chasintha mtundu chifukwa cha kutentha, n'zokwanira kudula magetsi a elementi. Cholumikizira chotere sachimanga ndi tepi. Chimadulidwa n'kuikapo china chatsopano chopirira kutentha. Chotsani ubweya wonse umene mwaupeza m'katimo, makamaka wakuda kapena wofiirira, chifukwa umenewo unayamba kale kupsa.

Ikani multimeter pa chizindikiro cha Ω, chimene chimaimira ma ohm (muyezo wa mmene chinthu chimapingira magetsi kudutsa), pa mlingo wa 200 ngati ndi yosankha ndi manja. Khudzanitsani nsonga za nthambo zake ziwiri: iyenera kuonetsa nambala yoyandikira 0. Mukazilekanitsa ionetsa OL kapena 1 kumanzere, kutanthauza kuti njira ya magetsi ndi yoduka. Lamulo lofunika poyeza chipangizo chilichonse ndi kuzula waya mmodzi kapena onse pa chipangizocho, chifukwa mukayeza mawaya ali pomwepo, multimeter ikhoza kupeza njira ina yozungulira n'kukuuzani kuti chinthu choduka chili bwino.

Yezani kaye zoteteza. Pa bokosi la elementi mupeza tizipangizo tiwiri kapena titatu tozungulira, tokula ngati kobiri, kalikonse kali ndi mano awiri. Kamodzi ndi thermostat imene imadula ndi kulumikiza mobwerezabwereza kuti kutentha kusapyole mlingo, ndipo kena ndi choteteza chomaliza chimene chimadula pokhapokha kutentha kukafika poopsa. M'kati mwa tambiri muli kachitsulo ka mitundu iwiri yomatikizana kamene kamapindika kakatentha. Tikazizira, tonse timayenera kuonetsa nambala yoyandikira 0. Kamene kaonetsa OL ndiko kadula. Pa makina ena palinso thermostat ina kutsogolo, pa njira imene mpweya umatulukira mumgolo, ndipo imayezedwa chimodzimodzi.

Pano ndi pamene amisiri ena achidule amalakwitsa zinthu. Akapeza choteteza chadula, amalumikiza mawaya ake awiri pamodzi, makina n'kuyamba kutentha, mwini wake n'kulipira mokondwa. Zikatero makinawo atsala opanda chowaletsa, ndipo tsiku limene paipi idzatsekekenso, elementi idzapitirira kufiira pakati pa ubweya ndi zovala zouma. Musalole zimenezi ngakhale mmisiri atanena kuti n'zongoyembekezera. Choteteza chimasinthidwa ndi china chofanana nacho, cha nambala ya kutentha yomweyo imene yalembedwa pathupi pake. Ndi bwinonso kusintha thermostat yoyandikana nayo nthawi yomweyo, chifukwa nthawi zina chimene chinalola kutentha kukwera mpaka choteteza kudula ndi thermostat imene inakakamira osadulanso. Ichi n'chifukwa chake ogulitsa ambiri amagulitsa ziwirizi pamodzi.

Kenako yezani elementi. Nambala yoyembekezeka mukhoza kuiwerengera nokha: chulukitsani 230 ndi 230, mupeza 52900, ndipo mugawe ndi mawati a elementiyo. Elementi ya mawati 2000 iyenera kuonetsa ma ohm pafupifupi 26, ya mawati 2500 pafupifupi 21. Kusiyana kwa ma ohm awiri kapena atatu si vuto. Dziwani kuti mawati olembedwa pa kachikwangwani ka makina amaphatikiza ndi a mota, ndiye ngati pa elementi pomwepo palembedwa nambala, tsatirani imeneyo. Elementi zambiri zili ndi mawaya opotana awiri, wina wamkulu ndi wina wamng'ono, ndipo zimakhala ndi mano atatu kapena anayi. Mwachitsanzo, gawo la mawati 1600 lionetsa pafupifupi 33 pamene la mawati 700 lionetsa pafupifupi 76. Gawo limodzi likaduka, makina amafunda koma osaumitsa, ndipo ichi chimafotokoza makina amene amatenga maola atatu pa zovala zimene kale zinkauma pa ola limodzi. Gawo loonetsa OL laduka, ndipo kawirikawiri mukaunika bwino mumaona pamene waya wathyokera.

Musanamalize ndi elementi, ikani multimeter pa mlingo wapamwamba kwambiri wa ma ohm, khudzitsani nsonga imodzi pa dzino la elementi ndi ina pa chitsulo chosapakidwa penti cha bokosi lake. Apa yankho labwino ndi OL. Nambala ina iliyonse ikutanthauza kuti waya walendewera n'kukhudza chitsulo, zomwe zimagwetsa bureka ya m'nyumba nthawi iliyonse makina akayamba kutentha, ndipo zikhoza kugwiritsa munthu shoko ngati nyumbayo ilibe waya wapansi wabwino. Elementi yoduka isapotedwe pamodzi kuti ilumikizane. Polumikizapo pamatentha kuposa pena paliponse, pamadukanso posachedwa, ndipo waya wofupikitsidwa umakoka magetsi ambiri kuposa kale.

Ngati zonsezi zili bwino

Makina amakono ali ndi kachipangizo komva kutentha kotchedwa NTC, kamene kamauza bolodi lamagetsi mmene mpweya watenthera. Kamakhala ndi timawaya tiwiri topyapyala ndipo kamayezedwa pa mlingo wa ma ohm zikwizikwi. Nambala yake imasiyana malinga ndi kampani, koma khalidwe lake ndi limodzi: mukakafumbata m'dzanja kuti kafunde, nambala imatsika pang'onopang'ono. Ngati kakuonetsa OL, kapena 0, kapena nambala yosasuntha, kafa, ndipo makina ambiri amakana kuyatsa elementi zikatero, nthawi zina n'kuonetsa nambala ya vuto pagalasi kapena kuphethiritsa nyale. Tanthauzo la nambala imeneyo limapezeka m'buku la makinawo.

Chotsalira ndi chimene chimatumiza magetsi ku elementi. Pa makina a bolodi, ntchitoyi ndi ya relay, kabokosi kakang'ono kapulasitiki komatidwa pa bolodilo. Tembenuzani bolodi n'kuyang'ana pansi pa relay: bwalo lakuda kapena mtovu wosweka mozungulira dzino lake ndi chizindikiro chodziwika, makamaka m'madera amene magetsi amabwera ndi mphamvu akakhala kuti anathima. Mmisiri wokonza mawailesi ndi ma TV amatha kuwotchereranso pamenepo kapena kusintha relay pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi bolodi latsopano, lomwe mwina lingafunike kuitanitsa ku Johannesburg. Pa makina akale, ntchito yomweyo imagwiridwa ndi chosankhira mphindi ndi swichi ya kutentha, zomwe mano ake amapserera ndi zaka. Kuyeza ngati mavolti 230 akufika pa elementi makina akuyenda kumathetsa kukayika konse, koma kumachitika magetsi ali moto ndipo mgolo ukuzungulira, choncho musiyireni mmisiri wamagetsi.

Onaninso fani. Ngati mapiko ake athyoka, adzaza ubweya, kapena ikugwedera pa mtengo wa mota osazungulira nawo limodzi, mpweya umafooka ndipo choteteza chatsopano chidzadulanso mlungu womwewo.

Makina a heat pump ndi a gasi

Makina a heat pump amaumitsa pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 50, kotsika kuposa mitundu ina, ndipo amatenga nthawi yaitali asanafunde, kotero amene wangosintha kumene kuchoka ku makina a elementi amaganiza kuti agula chinthu chakufa. Apatseni mphindi 15 kapena 20 musanaweruze. M'munsi mwake muli sefa yachiwiri, nthawi zambiri yasiponji, ndipo kuseri kwake kuli timalata topyapyala timene timatsukidwa ndi burashi yofewa mosamala, chifukwa timapindika ndiponso timacheka zala. Sagwira bwino ntchito m'chipinda chozizira kwambiri, monga galaja ya ku Britain m'nyengo yachisanu, ndipo akanyamulidwa chogona ayenera kuimikidwa maola angapo asanayatsidwe, monga timachitira ndi firiji. Mvetserani ngati kompuresa ikuyamba kulira patapita mphindi zochepa. Ngati siyamba, kapena ikungoti "thi" n'kusiya, kapena ikulira koma kutentha kulibe, itanani wokonza mafiriji. Musaboole kapena kupinda timapaipi take, chifukwa makina ambiri atsopano amagwiritsa ntchito gasi wa R290, yemwe amayaka moto.

Makina oyendera gasi ndi osowa kuno. Pa amenewo, tsimikizirani kuti gasi alipo ndipo vavu ndi yotsegula, yeretsani sefa ndi paipi monga tafotokozera, koma choyatsira moto ndi mavavu a m'kati ndi ntchito ya mmisiri wa gasi.

Kugula chipangizo, kubwezera ndi kuyesa

Popita kukagula, tengani chithunzi cha kachikwangwani kaja ndi chipangizo chakalecho m'thumba. Makina a dzina limodzi amakhala ndi elementi zosiyana malinga ndi chaka, pamene makina a mayina osiyana nthawi zina amagwiritsa ntchito chipangizo chimodzi. Defy ndi Beko, mwachitsanzo, zili pansi pa kampani imodzi ya ku Turkey yotchedwa Arçelik. Yerekezani mawati, mavolti, malo a masikuluu ndi nambala ya kutentha musanapereke ndalama, ndipo ngati n'kotheka yezani chipangizo chatsopanocho ndi multimeter pomwepo m'sitolo. Choteteza chochotsedwa pa makina ena akufa chikhoza kuonetsa 0 pa multimeter koma n'kukhala cha kutentha kosiyana, ndiye ngati nambala yake siikuwerengeka, chisiyeni.

Bwezerani mawaya motsatira zithunzi, ndipo kokani cholumikizira chilichonse pang'ono kuti mumve ngati chagwira. Onetsetsani kuti palibe waya wokhudza mgolo, lamba kapena bokosi la elementi, ndiponso kuti waya wapansi, wobiriwira ndi wachikasu, wabwerera pamalo pake. Mangani chivundikiro ndi masikuluu onse, pamodzi ndi mphira kapena nsalu yotsekera m'mphepete, chifukwa mpata wotsala umalowetsa mpweya panjira yolakwika. Musayese makina chivundikiro cha elementi chili chochotsa.

Yatsani makina opanda zovala pa kutentha kwakukulu kwa mphindi zisanu kapena khumi muli pomwepo. Elementi yatsopano imatulutsa kafungo kwa kanthawi kochepa, koma utsi kapena fungo la pulasitiki likutanthauza kuti muzule pulagi msanga. Pa makina a paipi, pitani kunja mukaike dzanja pa bowo lotulukira: mpweya uyenera kukhala wofunda ndiponso wamphamvu moti n'kukankha kachitseko kake. Kenako ikani matawulo onyowa ochepa, osapyola theka la mgolo, ndipo mulole pulogalamu ifike kumapeto, kuphatikizapo mphindi zoziziritsa zija. Magetsi akathima makina ali pakati pa ntchito, zulani pulagi, tsegulani chitseko, tulutsani zovala n'kuziyala kuti zisaunjikane zili zotentha, ndipo magetsi akabwera dikirani mphindi zingapo kuti akhazikike musanabwezere pulagi pakhoma.